Theka ndi Lanu, Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene mlongo wanga Yusufu anabadwa ndi khungu lachialubino. Kwathu ku Chia pakhomo panangoti zii, ngati pagwa maliro. Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anabwera kuchokera ku Ngala n'kumuyang'ana mwanayo kamodzi kokha.

"Achimwene, kumtundu kwathu kulibe zoterezi. Mkazi wanuyu ndiye akudziwa kumene wamutenga mwanayu. Loweruka ndidzabwera kudzakutengani."

Bambo anali mkamwini, ndiye kuchoka kunali kungopinda maukonde awo basi. Ndinachita mantha kwambiri.

Chondipweteka n'chakuti yankho ndinali nalo. Aphunzitsi athu a sayansi anali atatisonyeza mmene maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, amagawikanira. Anadula zingwe za ukonde n'kuziyala ziwiriziwiri patebulo, kuimira zingwe za m'selo zimene zimanyamula chibadwa cha munthu. Anati mbewu ya munthu ikamapangika, timaulusi ta m'selo timakoka zingwezo, china uku china uko, ngati asodzi okoka khoka mbali ziwiri. Motero mbewu ya bambo imanyamula theka, dzira la mayi theka. Nditawafunsa pambali za Yusufu, anati khungu lotere limabwera pokhapokha makolo onse awiri atapereka gawo lawo.

Koma mwana wamkazi angayambire pati kuuza bambo ake za mbewu yawo? Kwathu zimenezo n'zolaula.

Loweruka m'mawa ndinawapeza bambo akupinda maukonde patsinde pa mtengo wa mango. Ndinagwada n'kuyala pamchenga tizingwe ta ukonde timene ndinali nditadula. Mawu ankatuluka modukaduka. Nditafika poti "theka ndi lanu, bambo," ndinatsinzina kudikira mbama.

Mbamayo sinabwere. Potsegula maso ndinawaona atatola kachingwe kamodzi, akukapotokola ndi zala.

"Amayi anga anali ndi mng'ono wawo wotere," anatero chapansipansi. "Ankamubisa m'nyumba. Azakhali akowa akudziwa."

Tsiku limenelo azakhali anabwerera okha ku Ngala, osatsanzika. Bambo analowa m'nyumba n'kumunyamula Yusufu koyamba chibadwire.

Kwa zaka zambiri ndinkadzitama kuti ndinawaphunzitsa bambo sayansi. Panopa ndikudziwa kuti panalibe chachilendo chimene ndinawauza. Nawonso anali ndi mantha, kuposa anga. Ankangosowa munthu woti atchule zimene iwo anazikwirira, ngakhale munthuyo akhale mwana wamantha.