Tsiku Limene Mwana Wanga Analeka Kulira

Mwana wanga woyamba ndinamutcha dzina la mlongo wanga osafunsa munthu. Ndinkadziwa ndithu kuti kuno ku Mzimba, malowolo akaperekedwa, mwana ndi wa kuchimuna ndipo dzina limachokera kwa apongozi aamuna. Koma ine ndine wa ku Nkhotakota, wouma mutu chibadwire, ndipo ndinali ndi chifukwa changa.

Dzinalo ndi la Chiarabu, limatanthauza munthu woolowa manja. Kwathu maina oterewa ali mbwee, anabwera kalekale ndi amalonda, moti ngakhale ife Akhristu sititembenuka tikawamva. Mlongo wangayo bambo ake anali Msilamu, mwamuna woyamba wa amayi. Ndi mlongo wangayo amene ankandikweza panjinga popita kusukulu. Anamwalira ine ndili kukoleji ya uphunzitsi, asanakwatire, osasiya mwana. Nditawauza amayi pafoni dzina la mdzukulu wawo, analira mpaka ndinadula ndekha.

Amuna anga anangoti, "Tiona." Anthu ofatsa amatopetsa.

Tsoka lake mwanayo anali wolira. Ankalira mpaka kuuma, nkhonya zili gwa. Kuchipatala anati ndi mpweya m'mimba, zidzatha zokha. Koma nkhani inafika kumudzi, kufupi ndi Manyamula, ndipo Loweruka lina m'mawa tinakwera pikapu pa boma, taitanidwa.

Tinapeza mphasa atayala kale pansi pa mtengo wa mango. Apongozi aamuna anakhala pampando chapatali, chifukwa mtengwa sayandikana nawo. Woyankhula anali mlongo wawo, amene kuno amati ankhazi.

"Mwana uyu akulira chomene," anatero ankhaziwo. "Akulirira dzina. Ilo mwamupatsalo ndi la pa TV, la anyamata a mpira. Mbwenu pamudzi pano palibe analimvapo, ngakhale kutchalitchi tikati chiyani?"

Mbali ina sankanama. Dzinali linali litayamba kutchuka, ndipo m'kalasi mwanga munali anyamata amene abambo awo analitola pa mpira. Koma kumuika mlongo wanga m'gulu limenelo kunandiwawa kwambiri, mpaka ndinaiwala kuti mtengwa satsegula pakamwa pamaso pa apongozi.

"Ndi dzina la malemu achimwene anga," ndinatero.

Apongozi sanandiyang'ane. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kunena kuti, "Umuuze mkazi wako kuti nafenso tili nawo akufa."

Anagamula kuti mwanayo asankhe yekha. Ankhazi azitchula maina a omwalira limodzilimodzi, ndipo limene mwana akhalire chete, ndilo lake. Ndiwayamike pa chinthu chimodzi: analamula kuti ayambe ndi langa.

Ndinakhala pamphasa, miyendo nditatambasula, mwana ali pamiyendo nditamufunditsa chitenje. Ankhazi anawerama n'kutchula dzina la mlongo wanga, molipotoza ngati lawawawa m'kamwa. Mumtima ndinkati, mwanawe, ndichitire chifundo kamodzi kokha. Iye anakuwa kuposa kale.

Anapitiriza ndi maina akwawo. Agogo a amuna anga, mwana akulira. Wina amene anali mkulu wa mpingo, mwana akulira. Ndinayamba kulimba mtima. Akalira mpaka maina kuwathera, ndinkaganiza, palibe amene apambane, ndipo tibwerera ku boma ndi dzina lathu.

Kenaka anatchula mkulu wawo wa apongozi, amene anafera kumigodi ku Joni. Mwanayo anali atatopa, thukuta lili kamukamu. Anasisima, n'kuyasamula, n'kukhala chete.

Aliyense anatong'ola maso, kudikira ngati ayambirenso. Dzanja langa linali pansi pa chitenje, pantchafu yake. Palibe akanaona. Kungomutsina pang'ono basi, akanakuwa, ankhazi n'kupita pa dzina lina. Zala zanga zinagwira kale kakhungu kaja, kofewa, kofunda. Ndinaganiza za amayi, ndinaganiza za manda a mlongo wanga, wopanda womulirira wina koma ife awiri. Mwanayo anatsegula maso n'kundiyang'ana, kamwa kakufunafuna bere. Kwa milungu yambiri ndinali ndisanamuonepo ali phee chonchi.

Ndinachotsa dzanja.

Ankhazi anaimba nthungululu, amayi ena n'kulandira. Amuna anga anawomba m'manja atagwada, nati, "Yewo adada." Ine ndinangomuika mwana kubere, nkhope nditaweramitsa kuti asaone kuti ndikulira ndi ukali. Ndinakwiyira onse, koma kwambiri amuna anga, amene tsiku lonselo sananene liwu limodzi londiikira kumbuyo.

Pobwerera, tikudikira galimoto pa Manyamula, foni yanga inalira. Anali amayi. Sanafunse za ine, sanafunse za ulendo. Anatchula dzina la mwana wawo lija, mokoma, mmene ankamuitanira akachedwa kubwera kunyumba, n'kufunsa ngati wagona bwino.

"Wagona, amayi," ndinatero. "Waleka kulira."

"Ndimadziwa," anatero akuseka. "Malume ake analinso choncho."