Lamlungu limene ndege yanga inatera yokha

Yunivesite kumene ndinkaphunzitsa itatsekedwa chifukwa chosowa madzi ndi magetsi, ndinalongedza ndege yanga m'katoni n'kubwerera ku Honde, m'dziko la Ashona, kukomboni kumene amayi ankathyolabe tiyi. Munali mu 2008, chisankho chachibwereza chili pafupi.

Inali ndege yaing'ono yopanda woyendetsa, mapiko ake otalika ngati mikono yanga nditatambasula. Kwa zaka zinayi ndinkafufuza chinthu chimodzi: ikasiya kumvana ndi rimoti ili m'mwamba, ingatani kuti itere yokha osagwera anthu? Ndege zitatu zinali zitaphwanyika kale.

"Bambo ako anachoka ku Mulanje wapansi kuti iwe uzisewera ndi zidole?" anatero amayi. Anaseka, komabe anakandipemphera bwalo la mpira kwa akapitawo.

Lamlungu, anthu atatuluka m'tchalitchi, ndinaiulutsa. Itafika pamwamba pa minda ya tiyi ndinazimitsa rimoti dala, n'kuiika pansi. Ndege inazungulira kawiri, inatsika pang'onopang'ono, n'kutera pa udzu bwinobwino. Amayi analuluta.

Masana kunabwera amuna asanu a chipani, atanyamula zibonga. Mtsogoleri wawo anayankhula Chishona.

"Iwe mubwidi, uri kutorera ani mapikicha?"

Mubwidi linali dzina lotinyozera ife ana a obwera. Ankati ndikujambulira azungu zithunzi. Ndinatsegula ndegeyo kuti aone kuti mulibe kamera. Sanayang'anemo n'komwe. Anaipondaponda, kenako anandigoneka chafufumimba n'kundimenya kumapazi. Amayi anagwada m'fumbi, akuchonderera.

"Ndapota, ana anga, ameneyu ndi mphunzitsi chabe!"

Pochoka anatenga kompyuta yanga, mmene munali ntchito yonse ya zaka zinayi zija.

M'mawa mwake akapitawo anabwera, maso ali pansi. "Mayi, pepani, musamuke lero. Akuti akakupezaninso pano awotcha komboni yonse."

Amayi anakhala m'nyumba imeneyo kuyambira asanandibereke. Anamanga katundu m'nsalu ziwiri, tinapita kwa mng'ono wawo ku Samanga, ine ndikuyendera ndodo. Njira yonse sananditukwane.

Mapazi atapola ndinathawira ku Joni mozemba, poti chitupa changa chinkati ndine mlendo ndipo pasipoti anandikana. Kumeneko ndinayambiranso kafukufuku uja, mpaka ndinapeza malo ophunzitsa.

Amayi anamwalira ku Samanga mvula itangoyamba, chaka chotsatira. Mapepala anga anali asanatuluke. Maliro ndinawamvera pafoni, nditakhala pamasitepe a labu, mpaka foni ya amayi aang'ono inatha moto.