Ndinawakhazika Kutsogolo

Chaka changa chachiwiri mu London ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Edmonton. Ndinkagona ku Barking, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakwera sitima kenako mabasi awiri, zala zili gwa ndi chisanu. Kwathu ku Ntcheu ndinali mphunzitsi, ana ankaimirira ndikalowa m'kalasi. Kuno ndinkasintha matewera a azungu okalamba. Sikuti ndikudandaula ayi. Ndikungofuna mudziwe mtundu wa munthu amene ndinali, wozolowera kuti chimene waganiza iyeyo ndiye cholondola.

M'chipinda chakumapeto kwa khonde munkakhala mayi wina wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu. Sitiroko inawakhotetsa pakamwa, diso lakumanzere linkangochucha misozi, ndipo malovu ankawathawa osadziwa. Koma mawu awo anali a munthu wina, ozama, omveka mpaka kukhitchini popanda kukuwa. Sankadya ndi anzawo, sankapita kuchipinda chochezera, ndipo wolowa osagogoda ankatuluka makutu akulira. Mnzanga wa ku Zambia amene tinkagawana shifiti ankangondikankha pamsana. "Bamai baja ni bovuta maningi, yenda iwe."

Chinatigwirizanitsa ndi maondo anga. Ine popereka tiyi kwa munthu wamkulu ndimapinda maondo, thupi limangochita lokha. Tsiku lina anandiyang'ana ndi diso labwinolo n'kundiuza kuti ndibwerezenso. Ndinabwereza, mtima ukuwira, poganiza kuti akundiyesa kapolo. Iwo anati ayi, akungosirira, chifukwa iwowo zinawatengera miyezi kuti aphunzire kupinda choncho pa sewero lina, ndipo mpaka sewerolo linatha wowaphunzitsa ankati akuoneka ngati akufuna ndowa yokodzeramo. Ndinaseka, nawonso anaseka ndi theka la pakamwa. Ndinafunsa kuti sewero lanji. Anandiuza kuti nditseke chitseko, nditenge chitini cha mabisiketi pansi pa wadilopu.

Munali zithunzi. Mtsikana wa khosi lalitali, nsidze zojambula, maso oti mwamuna akhoza kuiwala kumene amapita. Pena ali pa siteji atavala chidiresi chokokera pansi, pena mwamuna wa ndevu zapamlomo wamugwira m'chiuno. Ine wa Mvano ndinayamba ndatembenuza chithunzi chimenecho, kenako ndinachiyang'ananso.

Mbiri yawo anandipatsa pang'onopang'ono, masana ambiri, ine ndikuwapesa kapena kuwawenga zikhadabo. Anabadwira kumpoto, bambo awo ankagwira ntchito kunjanji. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anathawa ndi gulu la zisudzo loyendayenda m'matauni, sabata iliyonse sewero latsopano, mawu ake kuloweza m'sitima. Nthawi ya nkhondo ankasewera mabomba akugwa, fumbi likuthothoka kudenga, ndipo lamulo linali limodzi: nsalu isanatsekedwe suchoka pa siteji, ngakhale ufe. Kenako anawatenga a mafilimu, aja opanda mitundu aja. Anawasintha dzina, anawazula mano awiri, anawachotsa kalankhulidwe ka kwawo. Atatenga pakati mabwanawo anawauza kuti asankhe, mwana kapena ntchito. Anasankha ntchito, ndipo pakati pena sipanabwerenso. Izi ananena ngati akunena za nyengo, ine ndiye ndinasiya kupesa.

Atapitirira zaka makumi anayi anawatumizira gawo la mufilimu loti akhale mayi wa mwamuna amene anali wamkulu kuposa iwo, yemwe zaka zapitazo ankasewera ngati chibwenzi chawo. Anabweza mapepalawo, anatenga dzina la mwamuna wawo wachiwiri, n'kuzimiririka. Kuyambira pamenepo sanalolenso munthu kuwajambula. M'nyumba monse muja palibe ankadziwa, ngakhale amenejala.

"Usauze munthu," anatero. "Mtsikana uyu anthu amamukumbukira ali chonchi. Musiye akhale chonchi."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima ndinati izi ndiye nzeru zachizungu zimene zimawapha ndi kusungulumwa. Kwathu imvi ndi ulemu. Munthu amene anagwirapo ntchito yaikulu samubisa kuchipinda ngati katundu wakuba, amamutulutsa anthu amuone, amuthokoze akadali moyo. Zinkandiwawa zedi kuona anzanga akuwatcha nambala ya chipinda, kuwapukuta pakamwa mothamanga ngati akupukuta tebulo.

Lachitatu lina ndikutolera manyuzi m'chipinda chochezera, ndinaona dzina lawo la pa filimu lija pa ndandanda wa zapativi. Filimu yawo inali yoti ionetsedwe masana a Lachisanu. Ndinati Mulungu wandiyankha. Ndinauza amenejala, amene anasangalala kuti okalamba apeza chochita. Lachisanu litafika ndinaphika zitumbuwa, ndinabwera ndi chitenje changa chatsopano m'chikwama. Mayiwo ndinawanamiza kuti kukubwera anthu ochapa kapeti, ayenera kutuluka kwa kanthawi. Inde, ndinanama, ine mayi wa Mvano.

Tsono apa ndi pamene ndinalakwitsa koposa. Mzungu akanawaika pakati pa anzawo, onse n'kumayang'ana tivi. Ine ndinachita monga timachitira ndi mlendo wolemekezeka pa tsiku lotsekera sukulu. Ndinakankha njinga yawo ya olumala mpaka kutsogolo, pambali penipeni pa tivi, n'kuitembenuza kuti ayang'anizane ndi anthu. Ndinamanga mabuleki onse awiri. Kenako ndi mawu anga auphunzitsi ndinalengeza kuti amene muti mumuone pa kanemayu ndi mayi athu ali apawa. Mtsikana uja atangotulukira pa tivi akutsika masitepe, ndinaimba nthungululu.

Munali okalamba ngati khumi ndi asanu, ena ndi abale awo, ndi ife antchito. Ndinaona maso onse akuyenda, ku tivi, kwa mayi, ku tivi, kwa mayi. Bambo wina amene kale ankayendetsa basi, wogontha moti ankalankhula ngati ali kutsidya, anati chithunzi cha mkazi ameneyu anayenda nacho m'thumba nthawi yonse ali kuusilikali. Kenako anawaloza ndi ndodo.

"Ndi ameneyu? Ambuye atichitire chifundo."

Wina anaseka. Mayi wina anayamba kulira. Malovu anatsika pachibwano cha mayi athu aja, ndipo dzanja lawo labwino silinanyamuke kupukuta. Anawongola msana, anakweza mutu, n'kukhala choncho ola lonse ndi theka, akuyang'ana khoma lakumbuyo. Sanapemphe kuti achotsedwe. Filimu itatha anthu anawomba m'manja, iwo anaweramitsa mutu pang'ono. Ine chitsiru ndinkati zatheka, ndinkagawa zitumbuwa ndikumwetulira. Powabweza kuchipinda ndinaona malaya awo kumsana atanyowa ndi thukuta.

Sabata isanathe chitseko chawo chinasanduka cha pamsika. Abale a okalamba ena ankagogoda kufuna kuwaona. Mafoni okhala ndi kamera anali atangofika kumene, ndipo mayi wina anawajambula ali mtulo, pakamwa pali yasa. Mnzanga wa ku Zambia ndi amene anamugwira n'kumuthamangitsa, koma chithunzicho chinapita. Mayiwo anatembenukira kukhoma. Anauza amenejala kuti ine ndisapondenso m'chipinda mwawo. Chakudya ankachibweza, poyamba nyama, kenako phala, kenako tiyi amene. Adokotala anabwera, anati mtima uli bwinobwino kwa munthu wa zaka zawo, palibe chimene angalembe.

Ndinapirira masabata atatu. Masana ena amenejala atapita kumsonkhano ndinalowa, n'kugwada pambali pa bedi, maondo onse pansi monga timapepesera kwa makolo. Anali atatha, mkono ngati bango. Ndinati ndinkafuna kuwalemekeza, kwathu timatero. Ndinalankhula zambiri, ndikulira, mamina ndi misozi pamodzi. Anandisiya mpaka nditatha. Sanatembenuke.

"Zaka makumi anayi ndakhala kutali ndi mtsikana uja kuti asakalambe," anatero. "Iwe unatikhazika pamodzi. Dzuka, usanyowetse kapeti."

Anamwalira Lolemba lotsatira, nthawi ya chakudya chamasana, ine ndikudyetsa munthu wina chipinda chachitatu kuchokera pamenepo.

Kumalo kotenthera mitembo tinalipo anthu anayi: abusa olembedwa ganyu amene sanawaonepo, amenejala, bambo wina wochokera kwa loya, ndi ine. Maliro a anthu anayi, abale anga. Kwathu ngakhale wamisala wa pamsika amaposa pamenepo. Tisanalowe, foni ya amenejala inalira, anapita nayo panja. Abusawo anali ndi kapepala kolembapo dzina la ukwati lija ndi zaka basi. Anandifunsa mwaulemu ngati ndikudziwa chilichonse cha moyo wawo, ntchito imene ankagwira, choti anenepo.

Kwathu munthu salowa m'manda mbiri yake isanawerengedwe. Amaimirira wachibale, n'kuyamba kumene anabadwira mpaka matenda amene amutenga. Mbiri ya mayi amenewa yonse inali mwa ine ndekha, njanji, mabomba, mano awiri, mwana uja. Inafika pakhosi, ndinaimva ikukankha.

Ndinati sindikudziwa, ndinkangowapatsa tiyi.

Abusa anagwedeza mutu, anawerenga salimo, anatchula dzina limene palibe aliyense kunja kuno ankalidziwa. Mwambo wonse sunakwane mphindi khumi. Bokosi likulowa kokatenthedwa, anthu a maliro otsatira anali atayamba kale kusonkhana pakhomo, ndipo anatipempha kuti titulukire khomo lam'mbali.