Mwamuna wa Sipeya

Mboni zanga ndi a Gondwe a ku ofesi ndi apongozi anga. Onse analimo m'malotomo, kawafunseni.

M'malotomo ndili ku ofesi, ndikulumikiza maswitchi awiri a netiweki ya makompyuta kuti imodzi ikafa, inzake inyamule ntchito yonse pompo. Potembenuka, ndili kwathu. Mkazi wanga wachitanso zomwezo: a Gondwe akhala pakhonde, waya wabuluu watuluka m'khutu mwawo mpaka kukhitchini.

"Ndi sipeya chabe, bambo a Chikondi," akutero mkazi wanga. "Mukalephera kuyankha katatu, alowa m'malo mwanu."

"Muli moyo, achimwene?" akufunsa a Gondwe, atavala kale masilipasi anga.

M'kamwa mwanga mwadzaza mawaya. Akufunsanso kachiwiri. Apongozi akuwerenga ndi zala, akumwetulira.

Ndadzuka ndikukuwa, "Ndilipo!" Lero a Gondwe sindiwapatsa moni.