Mapepala Amene Apongozi Anasuta

Ndivomere kuti chaka chimene bambo a mwana wanga anapita kumigodi ku Joni, sindinkangodikira makalata. Ndinkalemba buku. Ndinali ndi setifiketi ya uphunzitsi, khanda kumsana, ndi makope atatu. Nkhani yake inali ya mkazi wotopa ndi kudikira, amene anatsatira mwamuna wake ku Joni n'kukayamba kuimba m'mahotela atavala buluku. Masiku amenewo lamulo linkaletsa mkazi kuvala buluku. Lamulolo ndinkalidziwa, koma sindinamuvule bulukulo.

Ndinkakhala kwa Chulu, kwawo kwa amuna anga, pachitengwa. Apongozi anga aamuna sindinkawayang'ana kumaso. Tikakumana panjira, ndinkapatukira m'munda.

Tsiku lina, nyengo yosankha fodya, ndikuchokera kusukulu ndinawapeza pachigafa akupichira chingambwe. Pepala limene ankanyambitalo linali ndi zolemba za dzanja langa. Pambali pawo panali kope langa lachiwiri, litaonda ngati nkhuku yososola.

Mwambo unkafuna kuti ndikadandaule kwa apongozi aakazi, iwowo akawauze. Sindinatero. Ndinagwada pomwepo, mwana akulira kumsana.

"Bambo, mapepalawo ndi anga."

Sanatembenuke. Anayankha ngati akuuza fodya wopachikidwayo.

"Ndawerenga, aphunzitsi. Chichewa chanu n'chokoma, pepala lakenso likuyaka bwino. Koma achipani akabwera kudzaona makhadi a chipani, n'kupeza mkazi wabuluku m'nyumba muno, atenga ndani? Inu kapena ine? Nanga mwana wanga pobwera adzapeza yani?"

Sankanama ayi. Tonse tinkadziwa za anthu amene anatengedwa pa nkhani zochepa kuposa imeneyi. Ndinaona m'maganizo khanda langa akulimwetsa phala lamadzi, ine ndili kundende, mawere akuwawa. Koma pakamwa panatuluka zina.

"Mwasuta mutu wachinayi, bambo. Wachisanu musiye, ndi pamene akuimba."

Anakoka fodya kawiri. Kenako anaika kopelo pansi, poti munthu ndi mpongozi wake salandirana zinthu pamanja.

"Ndikadzalionanso, ndidzamaliza," anatero.

Ndinalitola, n'kuwomba m'manja mwaulemu monga anandilangira kwathu.

Mutu wachinayi ndinaulembanso kusukulu, nthawi yopuma, ana akusewera panja. Unatuluka wautali kuposa woyamba uja, ndipo ndinaonjezamo mkulu wina wosuta chingambwe. Amuna anga sindinawalembere za nkhaniyi, chifukwa makalata ankatsegulidwa panjira. Mantha sanathe. Galimoto ikaima kumsewu, ndinkasuzumira pazenera.

Makope onse atatu ndinawaika pansi pa dengu la matewera osachapa. Apongozi ankalowa m'nyumba, n'kusuzumira kudenga, n'kugwedeza thumba la mtedza, koma mwamuna wamsinkhu wawo sakanapisa dzanja m'matewera a mdzukulu. M'menemo mkazi uja anapitiriza kuimba, buluku lake lili m'thupi.