Mpata wa Pakati pa Mabogi

Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, anagwira ntchito yolumikiza mabogi a sitima kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. M'yadi monse, momwe amalumikiziramo masitima, ankadziwika ndi dzina loti Akoloweka. Ine ndine dalaivala wa kainjini kokankha mabogi m'yadi momwemo. Ndinawakankhira mabogi zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndine amene ndinawachotsetsa ntchito. Ndaneneratu poyamba pomwe kuti wofuna kunditukwana ayambiretu.

Analowa ntchito ndevu zisanamere bwino. Masiku amenewo kumapeto kwa bogi iliyonse kunali ngowe pakati, unyolo wolemera ngati mwana wa zaka zisanu, ndi mabafa awiri m'mbali. Mabafa ndi zitsulo zonga mbale zazikulu zimene zinkagundana mabogi akakumana. Zikagundana choncho, pakati pankatsala kampata kokwana munthu mmodzi ataima chilili, mikono atapinda pachifuwa. Ntchito ya wolumikiza inali kulowa mumpatamo bogi ikubwera, kudikira kugunda, kunyamula unyolo n'kuukoloweka pa ngowe, kenako n'kutuluka chowerama kudzera pansi pa bafa. Akachedwa pang'ono kapena phazi likaterereka pa girizi, nkhani inkathera pomwepo.

Alamu anali amfupi, a khosi lalikulu, chala chachikulu cha kumanja chinapindika kalekale n'kuuma chomwecho. Bogi ikamabwera ankaimva ndi khutu kuti ili ndi simenti kapena ndi yopanda kanthu, n'kudziwa kuti igunda motani. Sindinaonepo munthu wina wolowa mumpata modekha ngati iwo. Ena ankalowa akutukwana kuti abise mantha. Iwo ankalowa ngati akulowa m'bafa kukasamba.

Kunja kwa yadi analibe chilichonse. Mkazi wawo anamwalira asanabereke, ndipo sanakwatirenso. Ankakhala m'chipinda chimodzi cha kampani kuseri kwa shedi yokonzera mainjini: bedi lachitsulo, wailesi, mpando umodzi, ndi msomali pakhoma pamene ankapachika maovolosi awiri. Mowa sankamwa, mpira sankaudziwa. Lamlungu lililonse ankabwera kwathu kudzadya, ndipo asanakhale n'komwe ankayamba kundiputa.

“Alamu, matako sanatupe? Sabata yonse kukhala pampando ngati telala, ati ndikugwira ntchito.”

“Ine ndiye ndimakusungirani moyo, alamu. Tsiku lina ndidzayetsemula dzanja lili pa buleki, mlongo wanuyu adzakutolani ndi supuni.”

Mkazi wanga ankatikalipira kuti nthabwala zoterozo si zonena pa chakudya, koma iwo ankaseka mpaka kutsokomola.

Kenako kampani inabweretsa zolumikizira zatsopano, zodzitseka zokha. Ife tinazitcha nsagwada, chifukwa ndi mmene zimaonekera: chitsulo chachikulu pakati pa bogi, chotsegula kukamwa, chimene chikakumana ndi chinzake chimaluma n'kutsekeka. Kunabwera mphunzitsi wa chipewa choyera, anatisonkhanitsa m'shedi n'kutionetsa mpini umene uli m'mbali mwa bogi. Ukaukoka mpiniwo nsagwada imatseguka, iwe uli panja. Ukatero umabwerera m'mbuyo mapazi awiri, n'kukweza mbendera kuti dalaivala akankhe. Anabwereza katatu kuti kuyambira tsiku limenelo munthu asalowenso pakati pa mabogi injini ili yolumikizidwa, ndipo wopezeka atalowa alembedwe m'buku la ngozi.

Anthu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba, ndipo ndinaomba ndi mtima wonse, chifukwa ndinali nditaona zimene mpata umachita ndi thupi la munthu. Alamu sanaombe. Anazungulira bogi yatsopanoyo, anaigogoda ndi chala chawo chopindika chija, n'kufunsa kuti mabafa ali kuti.

“Safunikanso, bambo,” anatero mphunzitsi. “Nsagwada imakoka, imatchinganso yokha.”

Apa m'pamene panali imfa, ndipo ambiri sanapaone. Nsagwada zikakumana bwino, zonse zili bwino. Koma njanji ikakhota, nthawi zina imodzi imayang'ana kumbali, ziwirizo n'kuphonyana. Zikaphonyana palibenso mabafa oti agwire, mabogi amangopitirira mpaka kukhudzana. Malo amene alamu anaimapo zaka makumi atatu osavulala anali atachotsedwa, koma mapazi awo sanauzidwe.

Sabata yoyamba yomwe ndinawaona. Anakoka mpini bwinobwino, anakweza mbendera, ine n'kuyamba kukankha. Bogi itatsala pang'ono kufika, mbendera inatsika, munthu n'kuzimiririka pakati. Ndinamanga buleki mpaka mabogi onse analira. Anatuluka nkhope ili gwa.

“Mwaimiranji? Bweretsani!”

Pa nthawi yopuma ndinawapeza pampopi akusamba m'manja.

“Alamu, mukufunamo chiyani mumpata muja? Mwasiyamo mkazi?”

“Ndimafuna ndione ngati yaluma.”

“Imamveka ikaluma. Inu ndi amene mumamva simenti ndi khutu.”

“Ndiye ndizingoima panja n'kumakupiza kansalu ngati ndikuthamangitsa ntchentche? Imeneyo ndi ntchito ya munthu wamkulu?”

Ndinawauza za mabafa, kuti kulibe. Anati akudziwa, sanabadwe dzulo. Ndikukhulupirira kuti ankadziwadi, ndipo masiku ena ankayesetsa. Ndinkawaona ataima panja, nsapato zikupondaponda pamiyala. Koma bogi ikangofika pa mtunda umene anazolowera, thupi linkapita lokha. M'miyezi itatu ndinawerenga kasanu ndi kawiri. Anzawo ankaona n'kuyang'ana kumbali, chifukwa m'yadi munthu sanenera mnzake kwa kapitawo. Ine ndinayamba kukankha ngati ndanyamula mazira, masitima n'kumachedwa, kapitawo n'kumandifunsa ngati ndikudwala.

Ndinamuuza mkazi wanga tsiku lina masana akuchapa kuseri kwa nyumba. Ndinati ndikufuna kuwalemba m'buku.

“Mukawalemba awachotsa,” anatero, osadzutsa mutu.

“Ndikapanda kuwalemba ndiwapha ine ndi dzanja langali.”

“Achimwene akhala mumpata muja inu musanayambe n'kuvala nsapato komwe. Mukawachotsa m'yadi apita kuti? Akachita chiyani? Lankhulani nawo ngati abale, za buku zisiyeni.”

Ndinakwiya, chifukwa kulankhula n'kosavuta kwa munthu amene sagwira buleki. Komabe ndinamumvera. Ndinalankhula nawo mwanthabwala, ndinalankhula nawo mokalipa, tsiku lina ndinawagwira mpaka mkono. Ankangoti, “Ndinu amantha inu, alamu,” n'kunyamula mbendera yawo.

Zinachitika Lachitatu lina cha m'ma teni koloko, dzuwa lili phwee, pa njanji yachinayi pamene imakhota kulowera kosungira katundu. Ndinkakankha mabogi asanu ndi imodzi a simenti kuti akalumikizane ndi ena oima. Alamu anakweza mbendera, ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono. Iwo anaona kuti nsagwada ya bogi yoimayo yayang'ana kumbali. Lamulo linali loti andiimitse, ndibwerere m'mbuyo, kenako aiwongole. M'malo mwake anapana mbendera m'khwapa n'kulowa kuti aikankhe ndi phewa.

Ndinamanga buleki mbendera itangosowa. Koma simenti siima chifukwa choti dalaivala wafuna. Mabogi anapitirira, ndipo m'malo mwa kugunda kumene ndinkayembekeza ndinamva chitsulo chikukhula chinzake. Nsagwada zinali zitaphonyana. Kenako kunangoti zii.

Sindikumbukira mmene ndinatsikira. Ndinathamanga m'mbali mwa mabogi asanu ndi imodzi aja. Ndinawapeza ataima chilili, mikono atapinda pachifuwa monga ankachitira kale. Msana unali utakhudza bogi imodzi, zigongono zitakhudza inayo. Sakanatha kutembenuka ngakhale kupuma mokwanira. Pakanangowonjezereka chikhatho chimodzi, nthiti zonse zikanaphwanyika. Anandiyang'ana ndi diso la m'mbali.

“Kokani pang'ono, ndituluke,” anatero chapansipansi.

Ndinabwerera ku injini n'kukoka. Atatuluka anakhala pa njanji n'kuvula chipewa. Panalibe wina amene anaona, tinali awiriwiri.

“Alamu,” anatero, “izi zithere pompano.”

“Sizithera pano.”

“Ndakupemphani. Sindinakupemphenipo kanthu chikwatirireni mlongo wanga. Zatsala zaka zinayi kuti ndipume ndekha. Musandilembe.”

Ndinawayang'ana, munthu wa imvi atakhala pa chitsulo, akundipempha ine wamng'ono. Chisoni chinandigwira, koma mkwiyo unaposa. Anali atandiika pa mpando woti ndiphe mlamu wanga tsiku lililonse, kenako ndikadye ndi mlongo wake. Ndinapita ku ofesi ndi maovolosi anga a girizi, ndinapempha buku la ngozi, ndinalemba zonse, ndi maulendo asanu ndi awiri oyamba aja omwe. Kapitawo anawerenga n'kundiyang'ana ngati ndamubweretsera nyansi patebulo.

Pasanathe milungu iwiri anawapumitsa ntchito. Chipinda cha kampani anachisiya. Mkazi wanga anawakonzera chipinda cha ana kwathu, iwo anakana, anakapeza kachipinda ka lendi kuseri kwa garaja ina, ka zenera limodzi loyang'ana khoma. Lamlungu anasiya kubwera. Mkazi wanga ndiye ankawapititsira chakudya, n'kubwera nacho theka. M'yadi anzanga anasiya kukhala nane pa nthawi yopuma. Zimenezo sizinandipweteke kwambiri, ambiri mwa iwo n'zitsiru.

Pamwamba pa yadi pamadutsa mlatho wa anthu oyenda pansi. M'mawa uliwonse alamu ankabwera kudzaima pamenepo, atavala ovolosi yochapa bwino, manja atagwira zitsulo. Ankaima mpaka masana akuyang'ana mabogi akulumikizana okha, popanda munthu pakati. Ndinkadutsa pansi pawo kakhumi pa tsiku. Poyamba ndinkakweza dzanja. Sanakwezepo lawo, ndipo patapita nthawi ndinaleka.

Kamodzi ndinakwera pamlathopo nditaweruka. Ndinaima pambali pawo n'kuwapatsa moni. Anayankha mwaulemu, ngati mmene umayankhira munthu amene wakufunsa njira. Ndinati abwere kunyumba, ana akuwafunsa. Anati amva. Khosi lija linali litatha, kolala ya ovolosi ikungolendewera.

Anakhala chaka ndi miyezi iwiri. Kuchipatala sanawapeze ndi matenda oti n'kuwatchula dzina. Ankangochepa. Tsiku lina sanaoneke pamlatho, ndipo masana mayi mwini nyumba ya lendiyo anawapeza atakhala pampando wawo, nsapato atamanga kale zingwe, thupi litazizira.

Mwambo wa maliro unachitikira kwathu. Bokosi analiika pabalaza n'kulitsegula kuti anthu aone nkhope. Kunabwera achikulire atatu amene analowa nawo ntchito limodzi kalelo, mmodzi wa ndodo, wina wopanda mkono. Wa ndodoyo anawerama, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anauza mnzake mokweza, poti anali wogontha:

“Pa gulu lathu lonse, uyu ndi woyamba kumutsegulira bokosi.”

Ine ndinali nditaima pafupi ndi chitseko. Mkazi wanga, amene chiyambire m'mawa sanalankhule nane, anadzuka pamphasa pamene anakhala ndi amayi ena, anandigwira dzanja n'kundikokera pa bokosipo. Alamu anagona atavala jekete imene sindinawaonepo atavala, chifuwa chili bwinobwino, nkhope yopanda bala.

“Aoneni,” anatero, mawu ake osakwera. “Athunthu. Si mmene munkawafunira?”

Ndinayankha kuti inde, chifukwa zinali zoona.