Mazira a nkhasi m'chidebe

Mlamu wanga, msodzi wa ku Luangwa, ankatitumizira nsomba zouma pa basi, ine n'kumakazilandira ku siteshoni ya mabasi ya Intercity. Tsiku lina kondakitala anandipatsa thumba lolemera, lonyowa kunsi. Nditalimasula kunyumba ku Kaunda Square, ndinapezamo nkhasi yamoyo, fulu wamkulu wa mumtsinje wa chigoba chofewa. Inadzaza bafa lonse lochapira.

Ine ndinakulira kumtsinje komweko. Atate akakola yaikazi ankaibwezera m'madzi, ankati zatsala zochepa. Ndinafuna kuwauza amuna anga zimenezi, koma apongozi anali atafika kale kuchokera ku Chelstone, mpeni uli m'manja.

"Amake mwana, mwangoima ngati mlendo? Ikani madzi pamoto," anatero.

Ndinaika.

Ataitumbula, m'mimba munali mazira oyera, obulungira. Ndinabisa asanu m'chitenje. Kwathu nkhasi imakwirira mazira mumchenga, choncho ndinakapempha mchenga kwa anthu omanga nyumba pafupi nafe, n'kuwakwirira m'chidebe padzuwa. Ndinkati tiana tikatuluka ndidzatikweza basi yomwe ija, tibwerere kumtsinje.

M'mawa uliwonse mwana wanga wamkazi ankanjuta pachidebepo n'kufunsa, "Amama, lelo?"

Patatha miyezi itatu ndinafukula. Onse asanu anali atawola.

Chaka chino ndinamufunsa mlamu pafoni ngati nkhasi zikukodwabe. Anati, "Mulamu, ija ndiye yomaliza imene ndinaiona."

Mwanayo anasiya kufunsa. Chidebe chija tikutungira madzi.